Tiyeni Tikasake Masamu ku Kapata

Lero azakhali anu ndabwera ndi funso. Kodi masamu amakhala kuti? Ena muti amakhala m'buku. Ena muti amakhala pa bolodi. Zoona, koma si kokhako ayi. Masamu amakhalanso mu msika wa Kapata, ku Chipata. Amakhala pa siteshoni ya mabasi. Amakhala ngakhale pa mfundo ya chitenje, pamene agogo amamangapo ndalama zawo. Koma kumeneko sabwera poyera. Amabwera atabisala m'nkhani.

Kodi samu yobisala m'nkhani imaoneka bwanji? Nayi imodzi. Amayi agula matimati 6. Wogulitsa wawaikira ena 2 a mbasela. Matimati onse ndi angati? Yang'anani bwino. Chizindikiro cha + mulibe. Cha − mulibenso. Muli amayi, wogulitsa ndi matimati basi. Chizindikirocho muchipeze nokha. Mwachipeza? Eya, ndi 6 + 2, ndipo amayi apita kwawo ndi matimati 8.

Nanga bwanji ana ambiri amaopa masamu otere? Mwana yemweyo mukamulembera 6 + 2, amayankha musanamalize n'kulemba komwe. Koma mukamuuza nkhani, amayamba kuluma pensulo. Vuto si mutu wake ayi. Mutu uli bwinobwino. Vuto ndi liwiro. Amathamangira manambala ngati nkhuku yaona chimanga chomwazika. Watola uyu, watola uyo, nkhani waisiya m'mbuyo. Kenako amayamba kulota: ndiphatikize, kapena ndichotse?

Kodi ndi ana a kuno okha amene amatero? Ayi ndithu. Cha m'ma 1980, aphunzitsi a ku France anayesa ana ndi funso loseketsa. Anati m'boti muli nkhosa 26 ndi mbuzi 10. Ndiye anafunsa kuti woyendetsa botilo ali ndi zaka zingati. Mukudziwa zimene zinachitika? Ana ambiri anaphatikiza nkhosa ndi mbuzi, n'kuyankha kuti ali ndi zaka 36! Sekani pang'ono, ndakulolani. Mbuzi zingatiuze bwanji zaka za munthu? Funso limenelo lilibe yankho. Mwana womvetsera akanangoimika dzanja n'kunena kuti, "Aphunzitsi, nkhaniyi sinatiuze."

Tsono tiyambire pati? Tiyambire pa makutu. Werengani nkhani ya matimati ija kamodzi. Iwerengeninso kachiwiri, pang'onopang'ono. Kenako tsinzinani. Muone wogulitsa uja atakhala pa kampando kake. Muone dzanja lake likutola matimati awiri n'kuwaponya m'pulasitiki ya amayi. Mukatsegula maso, fotokozerani mnzanu nkhaniyo osatchula nambala iliyonse. "Amayi anagula matimati, ndipo anawaonjezera ena." Basi. Mukatha kunena choncho, mwadziwa kale kuti matimati achuluka.

Kodi pali mafunso oti muzidzifunsa? Alipo, ndipo ndi aafupi. Ndauzidwa chiyani? Ndafunsidwa chiyani? Nanga chachitika n'chiyani: zinthu zabwera, kapena zachoka? Funso lachiwirilo muzilisamala kwambiri. Ana ambiri amawerenga nkhani yonse, koma mzere womaliza amaudumpha. Chonsecho funso limakhala pomwepo.

Tigwiritse ntchito chiyani? Pitani panja mukatole timiyala 20. Zitsekerero za mabotolo nazonso n'zabwino. Njere za chimanga zili bwino. Mtedza wokazinga sindikulangizani, chifukwa mudzayamba kuchotsera nthawi isanakwane! Jambulani bwalo pansi, longa lija mumajambula posewera chiyato. Mwakonzeka? Bwalo limenelo lero ndi minibasi.

Ndani akukwera? Tili pa siteshoni ya Kapata m'mawa. Kondakitala akuitanira, "Katete! Katete!" Anthu 9 akwera. Ikani timiyala 9 m'bwalo. Minibasi yanyamuka, yalowa mu msewu waukulu wa Great East Road. Yafika pa Mtenguleni, ndipo anthu 4 atsika. Tulutsani timiyala 4. Pomwepo anthu ena 3 akwera. Lowetsani timiyala 3. Tsopano werengani totsala m'bwalo. Mwapeza tingati? Ngati mwapeza 8, dziombereni m'manja. Mwachita masamu awiri m'nkhani imodzi. Poyamba 9 − 4, kenako 5 + 3. Ndipo simunalote ayi. Manja anu ndi amene akuuzani.

Kodi mawu akuti "kuonjezera" nthawi zonse amatanthauza kuphatikiza? Apa ndiye tikhalepo pang'ono, chifukwa pali msampha. Ena amaphunzitsa ana kuti, ukamva "anaonjezera" phatikiza, ukamva "anatsala" chotsera. Ine njira imeneyo sindiikonda. Imagwira lero, mawa n'kukugwetsa. Tamverani nkhani iyi, ndipo ndi yoona. Dziko lathu la Zambia linali ndi zigawo zingapo. Mu 2011 boma linaonjezera chigawo chimodzi, cha Muchinga. Tsopano zigawo zilipo 10. Kodi poyamba zinalipo zingati?

Mwayankha chiyani? Wothamanga wamva "linaonjezera", ndiye wati 10 + 1, yankho 11. Koma taganizani. Zigawo zinali 11, anaonjezera chimodzi, n'kukhala 10? Sizingatheke! Tengani timiyala 10. Izi ndi zigawo za lero. Kamodzi mwa ito ndi Muchinga, kamene kanabwera pambuyo. Kachotseni, kuti tibwerere kale. Tatsala 9. Zigawo zinali 9. Mwaona? Nkhani ikunena za kuonjezera, koma ife tachotsera. Chifukwa chake n'chakuti chobisika chinali ku chiyambi kwa nkhani, osati ku mapeto.

Kodi chobisika chingabisalenso pena? Inde, chimatha kukhala pakati. Mwatuluka m'nyumba ndi masiwiti 7 m'thumba. Mwafika kusukulu, mwapeza 4 okha. Thumba labooka! Agwa angati? Ikani timiyala 7. Phimbani tina ndi dzanja mpaka tooneka titsale 4. Tsopano kwezani dzanja. Pansi pake pali 3. Amenewo ndiwo masiwiti amene nyerere za m'njira zikukondwera nawo. Choncho musanalembe kanthu, funsani: chobisika chili kuti? Ku chiyambi, pakati, kapena ku mapeto?

Nanga ngati palibe chabwera, palibenso chachoka? Zimachitikatu. Chipata ndi mzinda wa njinga. Imani m'mbali mwa msewu m'mawa, muone. Njinga zimanyamula anthu, makala, nkhuku, nthochi. Tiyerekeze kuti njinga yoyamba yanyamula nkhuku 9. Yachiwiri yanyamula nkhuku 5. Kodi yoyamba yaposa yachiwiri ndi nkhuku zingati? Palibe nkhuku yathawa. Palibe yagulidwa. Ndiye tichite chiyani?

Tizifoletsa! Ikani timiyala 9 pa mzere. Pansi pake ikani 5, kalikonse moyang'anana ndi kanzake. Kamodzi ndi kamodzi, kamodzi ndi kamodzi. Tsopano yang'anani kumapeto kwa mzere wapamwamba. Pali timiyala topanda anzake. Tiwerengeni. Tilipo 4. Kusiyana kwake ndi kumeneko. Polemba timati 9 − 5 = 4. N'zodabwitsa, eti? Tachotsera, chonsecho nkhuku zonse zikadali pa njinga.

Mukufuna ina yovutirapo? Ndikudziwa kuti mukufuna. Achemwali anu atola mango 8. Akuposani ndi mango 3. Inu mwatola angati? Musathamange. Yambani ndi funso ili: wambiri ndani? Achemwali. Ndiye yankho lanu likhale lochepera 8. Mukapeza 11, dziwani kuti mawu akuti "akuposani" akupusitsani. Foletsani timiyala 8. Tsekani 3 takumapeto, tija topanda anzake. Tatsala 5. Mango anu ndi 5. Pepani, mawa mudzalawire ku mtengo.

Kodi mayi wa pamsika amachita bwanji masamu opanda pensulo? Uyu ndiye katswiri amene ine ndimamusirira. Tiyerekeze kuti mwatumidwa ku Kapata ndi K20. Mwagula kapenta ndi anyezi, zonse pamodzi K13. Chenji chanu ndi zingati? M'kope mungalembe 20 − 13. Koma tayang'anani manja a mayiyo. Sayambira pa 20 ayi. Amayambira pa 13. Akuikirani K2 m'dzanja, afika pa 15. Akuikiraninso K5, afika pa 20. Aima. Tsegulani dzanja lanu. Muli K2 ndi K5. Chenji ndi K7. Samu yochotsera aichita mwa kuphatikiza! Ndipo nthawi yonseyi akucheza ndi mnzawo, kwinaku akuingitsa ntchentche.

Kodi zimenezi n'zololedwa? Kwambiri! Kuphatikiza ndi kuchotsera zimayendera limodzi. Ngati 13 + 7 ndi 20, ndiye kuti 20 − 13 ndi 7. Komanso 20 − 7 ndi 13. Yesani ndi makobidi. Kwacha imodzi ili ndi ngwee 100. Muli ndi 50 ngwee. Mukufuna zingati kuti mukwanitse K1? Werengani chokwera, mwa makumi: 60, 70, 80, 90, 100. Mwakwera makumi asanu. Mukufuna 50 ngwee ina.

Nanga manambala akakula, timiyala tidzakwana? Titha kukwana, koma mudzatopa. Apa tifune timitengo. Thyolani timitengo touma, totalika ngati chala. Werengani 10, n'kutimanga pamodzi ndi luzi kapena kamphira. Umenewo ndi mtolo umodzi. Mtolo uliwonse ndi 10. Mangani itatu. Ikani timitengo tiwiri tapadera pambali. Mitolo 3 ndi timitengo 2. Nambala yake ndi 32.

Tichite naye chiyani 32 ameneyu? Mayi wina wakazinga vitumbuwa 32. Ana a sukulu agula 15. Vatsala vingati? Tiyenera kuchotsa mtolo umodzi ndi timitengo 5. Koma tapadera tilipo 2 tokha. Kodi titaye mtima? Ayi! Tengani mtolo umodzi, mumasule luzi. Mwaa! Timitengo 10 tamwazika. Pamodzi ndi tiwiri tija, takwana 12. Chotsani 5, tatsala 7. Mitolo yatsala iwiri. Chotsani umodzi, watsala umodzi. Mtolo 1 ndi timitengo 7. Vitumbuwa vatsala 17. Aphunzitsi akamanena za kubwereka, amatanthauza kumasula mtolo kumeneku. Mukakuona ndi maso kamodzi, simudzaiwala.

Kodi timitengo ndi ta ana a mkaka okha? Musamvere amene amanena zimenezo. M'sukulu zambiri za boma kuno kum'mawa muli maphunziro otchedwa Catch Up. Mwina ena a inu mumapitako. Unduna wa Zamaphunziro unayamba kuwayesa mu 2016 m'sukulu 80. Sukuluzo zinali m'maboma a Chipata, Katete, Monze ndi Pemba. Inde, Chipata yathu inali m'gulu loyamba! Nzeru yake inachokera kutali, ku India, ku bungwe lotchedwa Pratham. Maphunzirowa ndi a ana a giredi 3, 4 ndi 5. Ana amakhala m'magulu molingana ndi zimene akudziwa, osati giredi yawo. Amakhala pansi mozungulira, amalemba pansi ndi choko, amamanga ndi kumasula mitolo. Ndiye mukagwira timitengo, musachite manyazi. Ana a ku India nawonso akumasula mitolo yawo.

Kodi masamu a nkhani anayamba liti? Kalekale, agogo a agogo athu asanabadwe. Ku Egypt, konkuno ku Africa, kunali mlembi wina dzina lake Ahmes. Anakhalako zaka zoposa 3,500 zapitazo. Iye anakopera masamu oposa 80 pa chipepala chachitali chopangidwa ndi gumbwa. Mukudziwa nkhani zake? Zogawana buledi. Zoyeza nkhokwe za tirigu. Zoyeza minda. Ina mwa izo ili ndi nyumba, amphaka ndi mbewa. Eetu, mbewa zinalowa m'masamu kalekale, ife a kum'mawa tisanaziike pa mpani! Chipepalacho chilipo mpaka lero. Chimasungidwa ku London, m'nyumba yotchedwa British Museum.

Nanga Ahmes ankalemba + ndi − ngati ife? Ayi, zizindikiro zimenezi kunalibe. Zinaoneka koyamba m'buku losindikizidwa mu 1489, ku Germany. Analilemba ndi Johannes Widmann, ndipo linali la anthu a malonda. Chizindikiro cha + chinkasonyeza kuti katundu wapitirira. Cha − chinkasonyeza kuti waperewera. Timizere tiwiri tija, =, tinabwera mu 1557, ndi munthu wa ku Wales dzina lake Robert Recorde. Tangoganizani! Kwa zaka zambirimbiri anthu ankagula, kugulitsa ndi kubweza chenji popanda zizindikiro. Nkhani ndiyo inayamba, zizindikiro zinabwera pambuyo. Inu a giredi 4, nayi yanu: panapita zaka zingati kuchokera 1489 kufika 1557? Yesani njira ya mayi wa pamsika. Kwerani kufika pa 1500 kaye.

Kodi nambala iliyonse ya m'nkhani ndi yofunika? Si nthawi zonse. Manambala ena amangodutsa. Tamverani. Agogo ali ndi mbuzi 6, nkhumba 2 ndi nkhunda 10. Agulitsa mbuzi 2. Mbuzi zatsala zingati? Nkhumba zisiyeni m'khola. Nkhunda zisiyeni ziuluke. Tafunsidwa za mbuzi. Zatsala 4.

Mungadziwe bwanji kuti mwakhoza, aphunzitsi asanachonge? Bwezerani yankho lanu m'nkhani. Vitumbuwa 17 votsala, kuphatikiza 15 vogulidwa, vikwana 32? Yesani ndi mitolo. Vakwana! Ndiye mwakhoza. Funsaninso ngati yankholo n'lomveka. Munapereka K20, ndiye chenji sichingakhale K33. Wogulitsa wotero angatseke malonda tsiku lomwelo. Ndipo yankho muzilipatsa dzina. Musangoti 7. Seveni chiyani? Mbuzi? Njinga? Nenani kuti K7.

Nanga mukalakwa? Palibe amene afe. Fufutani, bwererani ku nkhani, tolaninso timiyala. Inu achimwene ndi achemwali amene mumathandiza ang'ono anu, ndili nanu mawu. Musawalande pensulo. Musawauze yankho. Afunseni kuti, "Tandiuza, chachitika n'chiyani m'nkhaniyi?" Kenako khalani chete, muwadikire. Kudikirako n'kovuta, ndikudziwa. Koma mwana akapeza yekha, nkhope yake imawala, ndipo mawa amabweranso yekha.

Kodi miyezi nayo ingawerengedwe? Bwanji osatero! Mwambo wa Nc'wala wa Angoni umachitika mu Febuluwale ku Mtenguleni, kwa Inkosi ya Makosi Mpezeni. Mwambo wa Kulamba wa Achewa umachitika mu Ogasiti ku Mkaika, m'boma la Katete, kwa Kalonga Gawa Undi. Febuluwale ndi mwezi wachiwiri. Ogasiti ndi wa nambala 8. Tikachoka ku Nc'wala, tidikira miyezi ingati kuti tikaone Gule Wamkulu ku Kulamba? Pindani zala: Malichi, Epulo, Meyi, Juni, Julayi, Ogasiti. Zala 6. Ndipo 8 − 2 ndi 6. Zala ndi pensulo zagwirizana.

Ndikusiyireni ya kunyumba? Nazi ziwiri, ndipo mayankho sindikuuzani. Zambia inalandira ufulu mu 1964. Ndalama ya kwacha inayamba mu 1968. Panapita zaka zingati? Imeneyo ndi yofewa. Yachiwiri ili ndi msampha, ndiye tolani timiyala. M'mawa wogulitsa mazira anagulitsa 12. Masana mazira 2 anasweka. Madzulo anapeza kuti atsala 16. Kodi m'mawa anabwera ndi mazira angati? Mukamva "anagulitsa", "anasweka" ndi "atsala", musafulumire kuchotsera. Funsani kaye kuti chobisika chili kuti.

Mukamaliza, pekani nkhani yanuyanu. Yang'anani nkhuku za pakhomo, mbale za m'khitchini, kapena njinga zodutsa pa msewu. Ikanimo manambala awiri ndi funso limodzi. Madzulo ano, mukatha kudya nsima, afunseni atate kapena agogo. Akathamanga n'kulakwa, musawaseke kwambiri. Apatseni timiyala tanu ayesenso.